Madzi Amene Anatsala M'mapaipi

Ehden, 12 Okutobala 1997

Semaan mlongo wanga,

Moni wochokera kuphiri. Ndikhulupirira kuti iwe, mkazi wako Georgette ndi ana atatu aja muli bwino, ndiponso kuti kutentha kwa ku Abidjan sikunasungunule dzanja lako lolembera. Kalata yako yomaliza inafika maapozi asanachite maluwa, pano tathyola kale. Ine ndili bwino, kupatula bondo lamanzere limene layamba kulosera za nyengo kuposa anthu a pawailesi.

Mudzi wayamba kutsika. Monga chaka chilichonse, anthu akumanga matiresi pamwamba pa magalimoto kupita ku Zgharta kukadikira kuti chisanu chithe. Wansembe anatsika dzulo, wogulitsa nyama watsika lero, ndipo ukudziwa kuti kumene kwalowera awiriwa palibe munthu wa kwathu kuno amene angatsale m'mbuyo.

Ine ndatsala ndi ntchito imodzi, yokhetsa madzi m'shofaji yako, makina aja otenthetsa nyumba. Ndikuti yako chifukwa ndiwe unatumiza ndalama zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kuti nyumba ya bambo ikhale ndi boyila, mapaipi ndi marediyeta khumi ndi awiri, m'mudzi umene anthu amathawamo kukangoyamba kuzizira. Bambo anaiyatsa kawiri kokha, ndipo kawiri konseko kunali alendo. Ankawakoka dzanja n'kuwagwiritsa chitsulo. "Gwirani, gwirani! Ndi mwana wanga wa ku Abidjan ameneyo." Kuyambira pamenepo mwana wa ku Abidjan amatamandidwa, mwana wa pakhomo amakhetsa madzi.

Sindikudandaula. Paja tsiku limene bambo analembetsa nyumbayi m'dzina lako, monga amachitira abambo ambiri kuno, anakugwira paphewa n'kunena kuti, "Pepala ndi lako, koma Nouhad adzatuluka muno atanyamulidwa ndi anthu anayi." Ndiye ndimaisamala kuti anthu anayiwo asadzaterereke.

Koma bondoli landiganizitsa kuti tsiku lina ndidzalephera. Tembenuza pepalali uwerenge mmene ntchitoyi imachitikira, ndipo usunge.

Tsamba lachiwiri.

Uzimitse boyila, uisiye tsiku lathunthu izizire. Uonetsetse kuti mpopi wolowetsa madzi ndi wotseka. Ulumikize paipi ya labala ku kampopi ka kunsi kwa boyila, mbali inayo uiponye panja. Ukatsegula, madzi atuluka zidebe ziwiri n'kusiya. Apa ndi pamene munthu wopusa amasamba m'manja n'kupita kukamwa khofi. Madzi sanathe. Angodzikoloweka m'mwamba, monga unkachitira uli mwana, kuviika bango m'chitsime n'kutseka chala pamwamba kuti ukandithire m'khosi. Kuti atsike, uyenera kuwapatsa mpweya. Utenge kakiyi kamkuwa kamene kali pamsomali kuseri kwa chithunzi cha amayi, ukwere masitepe, utsegule kabowo ka pakhutu pa rediyeta iliyonse. Uyambire chipinda cha amayi, kenako chako, uzitsika choncho. Ukamva zikukoka mpweya ngati nkhalamba ikumwa msuzi wotentha, ndiye kuti zikuyenda. Madzi onse amakwana zidebe makumi awiri ndi zitatu. Ndinawerenga. Zikapanda kukwana, otsalawo adzaundana mu Januwale n'kung'amba chitsulo ngati chigoba cha dzira.

Ndikhetsa Lachinayi, Lachisanu nditsika. Kalatayi ndapatsira a Zakhia ogulitsa nsalu, amene akubwerera kwanuko. Unditumizire chithunzi cha ana, ndione ngati mphuno ya bambo inapeza pokhala.

Ndine mchemwali wako,
Nouhad


Abidjan, 24 Okutobala 1997

Achemwali okondedwa,

Moni kwa inu ndi bondo lanu. A Zakhia andipatsa kalata. Ife tili bwino, ngakhale malonda a matailosi akuyenda mokwawa. Tsamba loyamba ndawerenga misozi ili m'maso. Lachiwiri ndangoona kuti ndi phunziro, ndipo paja ine sukulu ndinamaliza. Munaphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu, Achemwali. Pumani.

Nkhani yabwino ndi iyi: chaka chino musakhetse madzi! Tikubwera pa Khirisimasi, tonse asanu. Ana anga sanaonepo chipale chofewa, amayesa kuti ndi chinthu chimene chimamera mufiriji. Ndikufuna nyumba ya bambo ikhale yofunda, yowala, kuti aliyense wolowamo anene kuti, "Muno ndiye mokhala." Muiyatse shofaji, isagone. Ngati mungathe, mupake penti chitseko chakutsogolo, ndipo makatoni akale ali pansi pa masitepe aja muwachotse.

Alamu anga a Badwi, achimwene ake a Georgette, akubweretserani dizilo wokwanira. Mwina tsiku lina adzabwera ndi mnzanga wina wa ku Beirut amene amakonda nyumba zakale. Mudzamulandire ngati ine ndemwe, mudzamuonetse zipinda zonse.

Ndasowa kishk wanu, ufa uja wa tirigu ndi chambiko. Kuno amagulitsa wa m'mapaketi, koma kukoma kwake ngati laimu. Chithunzi cha ana ndidzabwera nacho, kapena ndinene kuti ndidzabwera ndi eni akewo.

Mlongo wanu amene sakuiwalani,
Semaan


Zgharta, 10 Novembala 1997

Semaan,

Moni. Kalata yako yoti ndisakhetse madzi inandipeza pa 3 Novembala, patatha masiku khumi ndi asanu ndi atatu chikhetsereni. Zidebe makumi awiri ndi zitatu zinali zitamwedwa kale ndi mtengo wa maapozi. Ukanaimba foni. Kapena ukuopa? Uli mwana unkatsokomola ukafuna kunama, ndipo mpaka lero ndimakonda kumva mawu ako kuti ndione ngati chifuwa chinatha.

Komabe ndinakwera. Ndinatsegula mpopi, madzi n'kulowa, singano ya paboyila n'kufika pamalo pake. Kenako ndinazungulira marediyeta onse ndi kakiyi kaja kutulutsa mpweya, ulendo uno kuyambira pansi. Ya m'chipinda chako ndiyo inandilavulira madzi akuda pa diresi langa la kutchalitchi. Ngakhale chitsulo chinatengera mwini wake.

Madzi akakhala m'mapaipi, nyumba siisiyidwa yokha. Ndiye ndimakwera tsiku lililonse lachiwiri, kuyatsa boyila maola atatu, n'kutsika. M'mudzi mulibe munthu, muli ine ndi amphaka a wogulitsa nyama. A Mikhael oyendetsa takisi afika potopa nane. Dzulo anandiyang'ana pagalasi.

"Sitt Nouhad, tanenani zoona. Kumtundaku mwabisako mwamuna?"

"Eya," ndinatero, "wachitsulo. Amamwa dizilo, amabuula, koma safunsa kuti chakudya chili kuti."

"Ali ndi mng'ono wake? Mkazi wanga angasinthanitse lero lomwe."

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira Zgharta yense. Amayi a m'kwaya akundifunsa tsiku la ukwati.

A Badwi anabweretsadi dizilo, ndipo anandifotokozera kwa theka la ola mmene boyila imagwirira ntchito, ataima kutsogolo kwa makina ochapira zovala.

Chitseko ndapaka. Makatoni ndachotsa, koma makope ako a sukulu ndasunga kuti ana aone kuti bambo awo ankapeza zingati pa masamu. Mabulangeti asanu ndi atatu ndachapa, ndawaunjika motsamira rediyeta ya m'chipinda cha amayi kuti adzawapeze ofunda. Kishk alipo mabotolo anayi. Nyama ya kibbe, chakudya chathu chija cha nyama yosinja ndi tirigu, ndauza kale wogulitsa, ndipo mtondo wa mwala wa amayi ndautsuka. Zaka zinayi chimwalirire bambo palibe wausinjirapo.

Sindikuuza kuti ndasangalala, ungayambe kudzimva. Ungondiuza tsiku la ndege, ndi kukula kwa mapazi a wamng'onoyo. Ndikuluka masokosi mongoganizira.

Nouhad


Zgharta, 13 Disembala 1997

Alamu anga a Semaan,

Moni wa ulemu kwa inu, kwa mlongo wanga Georgette ndi kwa ana. Ndikulemba ndi chimwemwe chifukwa ntchito imene munandipatsa ndaigwira ngati munthu wodziwa zinthu.

Dzulo ndinakwera ndi Khawaja Nadim, bwana wa ku Beirut uja. Munaganiza bwino, alamu. Nyumba yozizira siigulika. Panja mphepo inkadula makutu, koma titangolowa, bwanayo anavula jekete, kuvula chipewa, n'kupita kukagwira rediyeta. "Iyi ndi nyumba yamoyo!" anatero. Sitt Nouhad anali atatiphikira khofi, ataika maswiti a mtedza pambale. Anationetsa zipinda zonse, mpaka mabulangeti.

Vuto linabwera pang'ono pabalaza. Bwanayo anagogoda khoma.

"Ili likhoza kugwa, eti?"

"Ligwe chifukwa chiyani?" anafunsa Sitt Nouhad. "Lalakwa chiyani?"

"Ndikufuna malo aakulu odyera alendo, mayi. Zipinda zam'mwambazo zidzakhala zogona, zisanu ndi chimodzi. Inu mukusamuka liti? Sindikukuthamangitsani, ngakhale kumapeto kwa Febuluwale kuli bwino."

Alamu, ine ndinkayesa munawauza. Sitt Nouhad anaika kapu pansi mofatsa kwambiri. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili m'kalasi mwawo, mpaka ndinatsala pang'ono kubisa manja.

"A Badwi, Semaan afika liti?"

Ndinati, "Sitt, matikiti a Disembala ndi odula, ndiye nkhani yobwera ija sinakhalepo kwenikweni." Mwina ndikananena mwa njira ina, koma ine ndine munthu wolunjika.

Sanakuwe, sanalire. Anatolera makapu, kutsuka, kupukuta, n'kuika makiyi a nyumba patebulo. Kenako anachotsa kakiyi kena kakang'ono kuseri kwa chithunzi n'kundipatsa.

"Kameneka kamatsegula chitseko chiti?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Ndiye kasungeni, Sitt, kakhale chikumbutso."

Anati ndikufunseni za tsamba lachiwiri. Ngati ndi pepala la malo, munditumizire, loya adzalifuna.

Khawaja akuti adzabweranso ndi mkazi wake mu Febuluwale, akadzaona ndiye asaine. Pakali pano palibe chifukwa chowotchera dizilo, ndiye mawa ndikakhetsa madzi aja ndekha. Musadere nkhawa. Ndakhalapo ndi magalimoto atatu, rediyeta ndimaidziwa ngati thumba langa.

Mlamu wanu wokhulupirika,
Badwi


Zgharta, 14 Disembala 1997

Semaan,

Sindikufunsa za moyo wako. Munthu amene angakonze zinthu mwaluso chonchi ndiye kuti ali bwino.

Mnzako wokonda nyumba zakale ndamulandira ngati iwe mwini, monga unapemphera. Amazikondadi. Anaikonda ya bambo mpaka kufuna kuigwetsa khoma.

Ndakwera phiri lija maulendo makumi awiri. Ndinkakhala m'khitchini ndekha, boyila ikubuula, ndikuluka masokosi a mwana amene sindikudziwa phazi lake, ndikuganiza kuti uyu adzagona apa, uyu apa. Tsiku lina ndinayeseza ngakhale zoti ndidzanene pachitseko, kuti ndisadzalire pamaso pa Georgette. Osadziwa kuti iwe sunkafuna mchemwali. Unkafuna munthu woyatsa moto, ndipo unadziwa kuti ukanena kuti "wogula akubwera" sindikwera, koma ukanena kuti "ana akubwera" ndikwera ngakhale chokwawa. Unandidziwa bwino. Chimene chikundiwawa n'chimenecho. Mlendo sakanatha kundinamiza chonchi, sakanadziwa pogwira.

Ukanandilembera kuti, "Achemwali, malonda agwa, nyumba ndiigulitsa," ndikanakutukwana sabata imodzi, kulira sabata yachiwiri, yachitatu ndikanakhala nawe pansi. Ndili ndi chipinda changa chobwereka kuno ku Zgharta, sindikanagona pamsewu. Koma unasankha kuti ndimve kwa munthu wovala nsapato zoyera, amene anandiuza mwaulemu kuti sakundithamangitsa.

Bambo anati anthu anayi. Iwe watumiza awiri, ndipo mmodzi ndi Badwi.

Nyama ya kibbe ndabweza. Wogulitsa anafunsa chifukwa, ndinati alendo adwala. Ndaona kuti kunama si kovuta, munthu akangoyamba. Sindinatsokomole n'komwe.

Makiyi ali ndi mlamu wako. Kalata ino ndi yomaliza.

Nouhad


Zgharta, 21 Disembala 1997

Semaan,

Ndinati sindilembanso, koma nyumba sinandilakwire.

Lero titatuluka mu Misa, Badwi anaima pakhomo la tchalitchi n'kumauza anthu kuti ntchito imene Sitt Nouhad amaichita tsiku lathunthu iye waimaliza asanamalize ndudu imodzi. "Zidebe ziwiri basi," akutero, "zinazo ndi nthano za aphunzitsi."

Semaan, m'mapaipi mwatsala zidebe makumi awiri ndi chimodzi, ndipo boyila ndi yozima. Ndinamufotokozera pomwepo, iye n'kundisisita paphewa. Ndamupempha makiyi kwa masana amodzi okha, akuti ndipemphe kwa mwini nyumba. Ndaimba foni katatu, Georgette akuti uli kudoko. Katatu konse. Uyenera kuti wasanduka sitima.

Phiri layera kale pamwamba. Msewu ukatsekeka, palibe adzakwere mpaka utatseguka. Uuze mlamu wako andipatse makiyi, kapena umuwerengere tsamba lachiwiri pafoni. Ngati sukufuna kuchitira ine, chitira wa nsapato zoyera uja.

N.


Abidjan, 29 Disembala 1997

A Badwi,

Moni, ndipo chaka chabwino. Mwagwira ntchito, ngakhale pakamwa panu pakanatha kudikira pang'ono.

Achemwali andilembera makalata awiri. Yoyamba yandidwalitsa mutu masiku atatu. Yachiwiri akufuna makiyi, akuti za madzi. Musawapatse. Ine ndinakula nawo, ndimawadziwa. Akangolowa m'nyumba muja sadzatulukanso, adzakhala pampando wa bambo n'kumadikira Khawaja ndi nkhope ya pamaliro. Nkhani ya zidebe ndi njira chabe. Kuyambira kale amakonda kuti chilichonse chioneke chovuta kuti iwo okha ndiwo azichitha.

Inu munatsegula mpopi, madzi anatuluka, anasiya. Madzi akasiya kutuluka ndiye kuti atha. Izi sizifuna digiri.

Tsamba lachiwiri si pepala la malo, musavutike nalo. Zonse zikatha ndidzawapezera kanyumba kabwino ku Zgharta komweko, kopanda masitepe. Bondo lawo lidzandithokoza, ngakhale iwo sadzatero.

Semaan


Zgharta, 9 Febuluwale 1998

Alamu,

Moni. Mukhale pansi musanapitirire.

Chisanu cha chaka chino akuluakulu akuti sanachionepo. Msewu unatsekeka masabata atatu. Utatseguka, dzana, ndinakwera ndi Khawaja Nadim ndi mkazi wake. M'njira ndinkawauza za mpweya wabwino.

Chitseko chinakana kutseguka. Nditakankha ndi phewa, tinaona kuti pansi ponse pali madzi akuda oundana, ngati munthu wathira phula. Masitepe anali ngati mathithi oima. Pulasitala wa kudenga la pabalaza anagwera patebulo lodyera. Mayi aja anaponda kamodzi, n'kukhala pansi mwadzidzidzi, n'kuyenda chokhala mpaka kukhitchini. Sanavulale, koma ananena mawu amene sindinkadziwa kuti akazi a ku Beirut amawadziwa.

M'mwamba marediyeta asanu ndi awiri ang'ambika m'mimba. Ya m'chipinda cha malemu amayi anu inakhuthulira zonse pa mabulangeti aja, agwirana kukhala mwala umodzi.

Ndinati, "Khawaja, ndi zazing'ono izi, penti chabe."

Anati, "A Badwi, ine ndimafuna hotela, osati dziwe." Mpaka lero foni yanga sakuyankha.

Ndinaitana mmisiri wa mapaipi. Anayang'ana, n'kufunsa kuti anakhetsa ndani. Ndinati madzi anatuluka okha mpaka kusiya.

"Munatsegula tamabowo ta mpweya?"

"Tamabowo tanji?"

Anavula chipewa n'kudzigwira pamutu. Akuti mapaipi a pansi pa matailosi nawonso aphulika, ndipo kuti awapeze ayenera kukumba nyumba yonse. Akutinso ntchitoyi ya kakiyi kakang'ono, kamene ngakhale mwana akhoza kupotokola.

Alamu, ine sindikufuna kuloza munthu chala, koma kakiyiko kanali ndi Sitt Nouhad, ndipo tsamba lija linali ndi inu. Ine ndinali ndi mtima wofuna kuthandiza basi.

Mmisiriyo ali ndi pakamwa. Pano Zgharta yense akunditcha Abu Zidebe Ziwiri, ndiye kuti Bambo wa Zidebe Ziwiri. Dzulo kumalo omwera khofi wina anandibweretsera madzi m'makapu awiri n'kunena kuti, "Atha, bwana, musadikire ena." Makiyi ndakawasiya kwa a Mikhael a takisi. Ine nyumba imeneyo sindiipondanso.

Badwi


Abidjan, 22 Febuluwale 1998

Achemwali anga okondedwa, mayi anga achiwiri,

Moni. Bondo likuyenda bwanji? Ana akupereka moni, ndipo chithunzi chawo ndi ichi. Wamng'onoyo ndiye anatenga mphuno.

Tsamba lachiwiri ndawerenga. Ndawerenga katatu. Munalemba momveka bwino kwambiri.

Ndinalakwa, koma mumvetse kuti ndinapanikizika, ndipo sindinafune kukudetsani nkhawa nthawi isanakwane. Za kugulitsa zija zatha, tiziiwale. Nyumba ndi yanu monga kale, monga ananenera bambo. Chonde kwerani mukaone zimene zingapulumuke, chipale chisanasungunuke n'kulowa m'makoma. Palibe wina amene amaidziwa nyumba ija ngati inu. Mukapeza mmisiri wabwino, akonze pang'onopang'ono, kuti idzaonekenso bwino.

Mwina chaka chino tidzabweradi.

Mlongo wanu wamng'ono,
Semaan


Ehden, 19 Epulo 1998

Semaan,

Moni wochokera kuphiri. Mudzi wayamba kukwera, wogulitsa nyama ali kale pamalo pake. Chithunzi ndalandira. Ana ndi okongola, alibe mlandu.

Sindinadikire kalata yako. Ndinakwera tsiku lomwe a Mikhael anandipatsa makiyi. Iwo ndi amene anandithandiza kutulutsa mabulangeti, tinachita kuwanyamula awiri ngati mtembo. Atasungunuka ananunkha dzimbiri, ndawataya onse asanu ndi atatu. Madzi akuda anatsika pakhoma n'kudutsa pankhope ya amayi pachithunzi paja. Ndapukuta galasi, koma analowa m'kati. Makope ako a masamu apulumuka. Zinthu zopanda ntchito sizifa.

Ndatulutsa mbaula ya nkhuni imene bambo anaiponya m'khola tsiku limene shofaji inafika. Ndaiika m'khitchini, ndikugona momwemo. Imafuka utsi, koma sinandinamizepo.

Walemba kuti ndipeze mmisiri kuti nyumba idzaonekenso bwino. Idzaonekere ndani, Semaan? Ndinaitenthetsa kamodzi kuti mlendo aikonde. Sindiikonzanso kuti wina adzagogode khoma. Pamene ilili pano palibe angaigule, ndipo ndikuuze zoona, chiyambire Disembala sindinagonepo tulo tabwino ngati tamasiku ano, pansi pa denga lobooka.

Wati nyumba ndi yanga monga ananenera bambo. Bambo ananena pakamwa, ndipo taona kuti mawu a pakamwa amatuluka zidebe ziwiri n'kusiya. M'envulopu muno muli pepala limene loya wandilembera, lonena kuti ndidzakhala m'nyumba muno mpaka imfa, ndipo palibe angaigulitse ndili moyo. Dzina la mwini likhalabe lako, usaope. Ukasaine pamaso pa a ku ofesi ya kazembe, upatsire a Zakhia. Likafika, ndiitana mmisiri. Likapanda kufika, marediyeta ako akhala chong'ambika choncho, ndipo alendo akabwera ndiziwakoka dzanja n'kuwagwiritsa. Ukudziwa zimene ndizidzanena.

Za Khirisimasi usalembenso. Ukadzafuna kubwera, udzangogogoda. Ndikadzakuona ndi maso ndidzayatsa moto.

Masokosi ndapatsa mdzukulu wa a Mikhael, amukwana. Kakiyi kamkuwa ndakabwezera pamsomali pake.

Kalatayi ndi ya tsamba limodzi. Kuseri kulibe kanthu, usavutike kutembenuza.

Nouhad